Mapu a maganizo: n'zatsopano ziti zimene zingathandize anthu a kwa Chowe?

Chaka ndi chaka makampani opanga mapulogalamu ojambulira mapu a maganizo amalengeza zimene awonjezera. Uyu wabweretsa mitundu ina yokongoletsera nthambi, uyo waika batani loti mapu asanduke zithunzi zoonetsa pamsonkhano, ndipo masiku ano pafupifupi onse akuthamangira AI, yoti munthu angolemba mutu wa nkhani, makina n'kumujambulira mapu onse iye ali chikhalire. Funso loti n'chiyani chiyenera kuwonjezeredwa m'pulogalamu yotere limaoneka ngati la akatswiri a makompyuta okha, koma likukhudza tonse, chifukwa chimene wopanga waikamo kapena wasiya ndi chimene chimalamula maganizo amene alembedwe ndi amene atsalire panja. Mfundo yanga ndi yakuti zowonjezera zambiri zimene zikutuluka zikuthandiza munthu mmodzi wophunzira, wokhala ndi magetsi ndi intaneti, kujambula mofulumira zimene akudziwa kale. Ntchito yaikulu ya mapu oterewa ili pena. Amathandiza gulu la anthu osiyana maganizo kuona pamodzi vuto limene palibe mmodzi wa iwo akuliona lonse. Dera la Mfumu Yaikulu Chowe, m'boma la Mangochi, likutisonyeza bwino kusiyana kumeneku.

Tiyambe ndi mmene chipangizochi chinapangidwira. Njira yoika mutu wa nkhani pakati pa pepala ndi kutulutsa nthambi mbali zonse anaitchukitsa Tony Buzan wa ku Britain kudzera m'mapulogalamu a kanema a BBC mu 1974. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, Joseph Novak ndi anzake a ku Cornell University anali atayamba njira ina, momwe mfundo zimalumikizidwa ndi mizere yolembedwa mawu ofotokoza ubale wake, monga wakuti ichi chimadzetsa icho. Makompyuta atafala, njira ya Buzan ndiyo inapambana pamsika. FreeMind inayamba cha m'ma 2000, MindMeister inatsegulidwa pa intaneti mu 2007, ndipo Freeplane, imene inaphuka kuchokera ku FreeMind, inatuluka mu 2009. Mkati mwa mapulogalamu onsewa maganizo amasungidwa ngati mtengo: tsinde limodzi, ndipo mfundo iliyonse ili ndi kholo limodzi lokha. N'zoona kuti ambiri amalola kukoka muvi kuchokera ku nthambi ina kupita ku inzake, koma kawirikawiri muviwo ndi chokongoletsera chabe, pulogalamuyo siiuwerengera posanja nthambi. Chisankho chimenechi chinapangitsa kuti mapu azioneka aukhondo ndi osavuta kupinda, komanso ndi chimene chinaika malire a zonse zimene zinabwera pambuyo pake.

Kwa Chowe anthu sakuyembekezera kompyuta kuti ayambe kujambula maganizo awo. Derali lili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, ndipo msewu wochokera pa boma la Mangochi umadutsamo pokwera mapiri kulowera ku Namwera ndi ku malire a Chiponde. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira ku makomiti a chitukuko a m'midzi otchedwa VDC, kukwera ku ADC ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo. Pamisonkhano yokonza mapulani a m'mudzi, alangizi amagwiritsa ntchito njira zimene Robert Chambers ndi anzake anafalitsa m'zaka za m'ma 1990. Anthu amasesa pansi, wina n'kutenga kamtengo kulemba tsinde, ndilo vuto lenileni, kenako mizu, ndizo zoyambitsa, ndi nthambi, ndizo zotsatira zake. Chitsononkho chimaimira njala, mwala umaimira sukulu, khala limaimira kuotcha makala, ndipo njere za chimanga zimaikidwa pa muzu uliwonse posonyeza kulemera kwake. Mayi wina amagwada, n'kuchotsa njere zitatu pa muzu wa msewu n'kuziika pa muzu wa mjigo, gulu n'kuyamba kutsutsana. Pamenepo ndi pamene kuganiza kumachitikira. Pomaliza mlembi amakopera zonse pa pepala lalikulu, nthawi zambiri m'Chingerezi, ndipo kutsutsana kuja sikufika nawo papepalapo.

Vuto loyamba ndi la mtengo weniweniwo. Tatengani nkhani ya nyanja ya Malombe. M'chaka cha 1982 asodzi anagwira chambo choposa matani 8,000 m'nyanjayi, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsika kusakwana matani 1,000. Asodzi anatembenukira ku kambuzi, ndi makoka a maso ang'onoang'ono komanso nkacha, khoka limene munthu amachita kumira pansi pa madzi kukamanga chingwe cha m'munsi anzake asanakoke. Nyanjayi ndi yosazama, motero makoka amakokolola udzu wa pansi pomwe nsomba zimaswanirana ndi kubisala. Nsomba zikachepa, msodzi amachepetsanso maso a khoka kuti apezebe ndiwo ndi ndalama, ndipo kutero kumachepetsanso nsomba. Wina amasiya nyanja n'kukwera kumapiri kukaotcha makala, mitengo ikatha dothi limakokoloka kutsikira m'nyanja, matope n'kukwirira malo oswanirana, nsomba n'kuchepanso. Wina amapita ku Joni, ndipo ndalama imene amatumiza ina imagula khoka latsopano. Tsono pamtengo wa mavuto, umphawi tiuika pati, ku mizu kapena ku nthambi? Uli konse kuwiri. Pulogalamu imene imakakamiza mfundo iliyonse kukhala ndi kholo limodzi imakakamizanso gulu kusankha wolakwa mmodzi, ndipo kawirikawiri chala chimaloza msodzi wosauka, chifukwa ndiye amene amaoneka ndi maso pa doko.

Choncho chowonjezera choyamba chimene ndingaike patsogolo ndi chakuti pulogalamu izizindikira zinthu zozungulira. Muvi ukhale mfundo payokha, wonena ngati ichi chikukulitsa kapena kuchepetsa icho, ndipo pulogalamu izitha kuunikira gulu pamene mivi yabwerera pomwe inayambira. Izi si maloto. Bart Kosko anafotokoza masamu a mapu otere mu 1986, ndipo pali mapulogalamu monga Mental Modeler amene akatswiri a zachilengedwe amagwiritsa ntchito ndi asodzi ndi alimi m'maiko osiyanasiyana. Chotsala ndi kuzibweretsa m'chipangizo chosavuta, cha pa foni. Wina anena kuti ubwino wa mtengo ndi kuphweka kwake, ndipo mivi ikachuluka mapu amasokonekera moti palibe angawawerenge. Akunena zoona, ndipo aliyense amene anaonapo mapu a mivi makumi asanu pa sikirini ya foni sangatsutse. Koma yankho lake n'kulekanitsa kasungidwe ndi kaonetsedwe. Mkati, pulogalamu isunge maubale onse. Pa sikirini ionetse mtengo waung'ono wozungulira mfundo imene munthu wakhudza, ndipo akakhudza ina, imeneyo ikhale tsinde. Pamsonkhano wa asodzi tsinde likhale kuchepa kwa nsomba, pa wa komiti ya zankhalango likhale makala, koma mapu akhale amodzimodziwo. Magulu awiriwa akadzaona kuti tsinde la wina ndi muzu wa mnzake, zokambirana zawo zidzasintha.

Chachiwiri ndi mawu a pakamwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo bomali linali m'gulu la maboma okhala ndi chiwerengero chotsika kwambiri cha odziwa kulemba ndi kuwerenga. Chiyankhulo cha pakhomo kwa ambiri kwa Chowe ndi Chiyao, ndipo alipo achikulire amene zilembo zimene anaphunzira bwino ndi za Chiarabu, ku madrasa. Pulogalamu imene mfundo iliyonse imayenera kutayipidwa imapereka mphamvu zonse kwa wogwira foni. Iye ndiye amamva gogo akufotokoza kwa mphindi zitatu mmene madzi a m'dambo anasinthira mitengo ya m'mphepete itadulidwa, n'kulemba mawu awiri okha akuti kusintha kwa nyengo. Sananame, koma wafufuta chimene gogoyo amadziwa, n'kuikapo chimene mabungwe amakonda kumva. Mfundo iliyonse iyenera kutha kukhala kachithunzi ndi mawu ojambulidwa, oti aliyense akakhudza amve m'Chiyao kapena m'Chichewa momwe mwiniwake ananenera. Mapulogalamu ena amalola kale kumata fayilo ya mawu pa nthambi, koma ngati chinthu chapambali. Apa ndikunena kuti mawuwo akhale mfundo yeniyeniyo, zolemba zikhale zothandizira. Dziko lino lili ndi umboni wakuti njira ya mawu imafika kutali: Chipatala Cha Pa Foni, chimene VillageReach inayambitsa ku Balaka mu 2011, chinakula mpaka kufika dziko lonse ndi kulowa m'manja mwa boma chifukwa munthu amangoimba n'kulankhula.

Pali chinthu chachitatu chimene opanga mapulogalamu saganizira kwenikweni, chifukwa amaona ngati mapu ali ndi mwini mmodzi: kusunga kusagwirizana. Mu 1993 dipatimenti ya za usodzi inayambitsa ndondomeko yoyang'anira nyanja ya Malombe mogwirizana ndi anthu, kudzera m'makomiti a m'madoko otchedwa BVC, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu azitenga nawo mbali motere. Akatswiri amene anatsatira ndondomekoyi kwa zaka zambiri, monga Mafaniso Hara, anaonetsa kuti makomitiwa ankakokanakokana ndi mafumu pa za mphamvu, kuti asodzi ena ankawaona ngati dzanja la boma, ndiponso kuti alovi, amene amakhala pamadzi ndi kusankha poponya khoka, mawu awo sankamveka mokwanira. Phunziro lake kwa wopanga pulogalamu ndi lakuti mudzi sulankhula ndi pakamwa pamodzi. Mwini khoka, mlovi, mayi wogula kambuzi n'kukayanika pa thandala, ndi mfumu yolandira ulemu wake pa doko, onsewa amaona kutseka nyanja mosiyana. Mapu amene amaonetsa muvi umodzi wogwirizanidwa amabisa zimenezi. Pulogalamu ilole kuti pa ubale umodzi pakhale mivi iwiri yotsutsana, uliwonse ndi chizindikiro cha gulu limene laupereka. Pano pali chiopsezo chenicheni, chimene sindikuchichepetsa: mlovi amene mawu ake ajambulidwa akudandaula za bwana wake akhoza kutaya ganyu mawa lomwe. N'chifukwa chake chizindikiro chikhale cha gulu, dzina la munthu lisalembedwe pokhapokha iye atafuna, ndipo pakhale njira yoti mfundo yovuta ibwerezedwe ndi pakamwa pa mlangizi m'malo mwa mwiniwake.

Zonsezi n'zopanda pake ngati pulogalamu ikufuna netiweki nthawi zonse. Kalembera yemwe uja anapeza kuti mwa mabanja khumi alionse m'dziko muno, pafupifupi limodzi lokha ndilo linali ndi magetsi a ESCOM owunikira, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo kwambiri. Foni imatchajidwa pa sola kapena pa shopu, bandulo imagulidwa ya tsiku limodzi, ndipo netiweki ya TNM kapena Airtel imene ili bwino pamsewu imatha kusowa kuseri kwa phiri. Mapulogalamu ambiri amakono amasunga mapu pa makompyuta a kampani kunja, ndipo kugwirira ntchito limodzi kumatanthauza kuti nonse muli pa intaneti nthawi imodzi. Kwa Chowe kugwirira limodzi n'kwina: mlangizi wa zaulimi wasintha mapu Lachiwiri ali kumapiri, wa zausodzi wawasintha Lachinayi ali ku doko, ndipo mafoni awo adzakumana Lolemba pa msonkhano wa ADC. Kuphatikiza zosintha zoterezi popanda kutaya za wina ndi ntchito yovuta kuposa mmene imamvekera. Ngati woyamba wasamutsa nthambi ya makala kuiika pansi pa njala, wachiwiri n'kusamutsa njala kuiika pansi pa makala, kompyuta ikaphatikiza mosasamala nthambi ziwirizo zimadukira limodzi ku tsinde n'kusowa. Martin Kleppmann wa ku Cambridge ndi anzake anafalitsa njira yothetsera vuto lenilenili la kusamutsa nthambi, ndipo mu 2019 iye ndi gulu la Ink & Switch analemba za mapulogalamu amene fayilo yeniyeni imakhala m'chipangizo cha mwiniwake, intaneti n'kukhala yongothandizira. Ntchito yotere siioneka pa chithunzi chotsatsira malonda, n'chifukwa chake imatsalira m'mbuyo. Koma a Baobab Health, amene anayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala pa Kamuzu Central Hospital cha m'ma 2001, anapambana chifukwa anayamba aganizira za mabatire ndi za wogwira ntchito amene sanagwirepo kiyibodi, zokongola n'kubwera pambuyo.

Tsopano za AI, imene yatenga mtima wa makampani. Otsatsa amati imapulumutsa nthawi, ndipo pa ntchito zina imaterodi. Koma kafukufuku wa maphunziro akutichenjeza za pomwe phindu la mapu limachokera. Mu 2002 Farrand ndi anzake anayesa ophunzira za udokotala ku London, napeza kuti ojambula mapu a maganizo anakumbukira zochulukirapo patatha sabata, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa ndipo chidwi chawo pa njirayo chinali chotsikirapo. Mu 2018 Schroeder, Nesbit ndi anzawo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri, napeza kuti kudzijambulira wekha mapu kumathandiza kwambiri kuposa kuwerenga mapu ojambulidwa ndi wina. Ndipo mu 2011 Karpicke ndi Blunt anaonetsa m'magazini ya Science kuti kutseka buku n'kuyesa kukumbukira kunaposa kujambula mapu buku lili chitsegukire. Zonsezi zikuloza kumodzi: chimene chimamanga nzeru ndi thukuta la kusankha, kukumbukira ndi kulumikiza. Batani lojambulira munthu mapu likuchotsa thukuta lomwelo. Pa sukulu ya sekondale yoyendera, wophunzira wa Fomu 4 amene makina amujambulira mapu a Biology ali ndi chithunzi chokongola, koma m'chipinda cha mayeso a MANEB alowa yekha. Chowonjezera chomuthandiza chikanakhala chobisa nthambi kuti azikumbukire asanazitsegule. Pa msonkhano wa m'mudzi kuopsa kwake n'kokulirapo, chifukwa AI imene inaphunzira pa malipoti a mabungwe idzatulutsa mtengo wa mavuto wofanana wa mudzi uliwonse wa mu Africa, ndipo poti waoneka pa sikirini mwaukhondo, anthu adzaopa kuutsutsa. Malo oyenera AI ndi a wantchito wotumikira pambuyo: kuzindikira mizere pa chithunzi cha mapu ojambulidwa pansi, kapena kusonyeza kuti midzi isanu yatchula chinthu chimodzi m'mawu osiyana, anthu n'kuvomereza kapena kukana.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse n'chakuti dothi ndi pepala n'zokwanira, ndipo kubweretsa foni pabwalo n'kuwononga chinthu chimene chikuyenda bwino. Mbali yaikulu ya chitsutsochi ndikuivomereza. Pansi pamagwada anthu khumi nthawi imodzi, pomwe foni imagwidwa ndi dzanja limodzi, ndipo nthawi zambiri ndi la mwamuna wachinyamata wophunzira. Pulogalamu yofuna kulowa m'malo mwa bwalo ndi yoyenera kuikana. Koma taonani chimene chimachitika msonkhano ukatha. Mbuzi zimadutsa pa mapu aja madzulo omwewo. Pepala lalikulu limapindidwa n'kuikidwa m'kabati, momwe chiswe ndi chinyezi zimalipeza. Chimene chimafika ku ADC ndi mndandanda wa zofuna: mjigo, mlatho, chipinda chophunziriramo. Zifukwa zake zimatsala, ndipo chaka chamawa bungwe lina likabwera limasonkhanitsanso anthu omwewo kudzafunsa mafunso omwewo, mpaka anthu amaphunzira kuyankha zimene mlendo akufuna. Ntchito ya pulogalamu iyambire pamene ya bwalo yathera. Ijambule mapu a pansi, isunge mawu, iwabweze kwa eni ake pa pepala losindikizidwa lakuda ndi loyera loti likhomedwe pa sukulu kapena pa chipatala, ndipo chaka chamawa ionetse chimene chasintha. Komiti ya VDC yokhala ndi mapu a zaka zitatu m'manja imalankhula ndi khansala mosiyana ndi imene ikungodalira kukumbukira.

Nanga adzapanga ndani, poti kwa Chowe kulibe amene angalipire madola mwezi ndi mwezi? Kampani ya ku Ulaya kapena ku Asia siidzaika Chiyao patsogolo, ndipo palibe chifukwa choiyembekezera. Koma Freeplane ndi yotseguka, aliyense ali ndi ufulu woona mkati mwake ndi kuisintha, ndipo fayilo yake ndi ya XML imene wophunzira wa makompyuta ku MUBAS, ku UNIMA, ku MUST kapena ku Mzuni angaiwerenge ndi maso. Pulogalamuyo payokha inapangidwira kompyuta ya pa tebulo, motero ya pa foni zotsika mtengo za itel ndi Tecno iyenera kulembedwa mwatsopano, koma itha kusunga kalembedwe ka fayilo komweko kuti mapu a ku doko azitseguka pa kompyuta ya ku khonsolo. DHIS2, imene inayambira ku University of Oslo ndipo unduna wa zaumoyo kuno umaigwiritsa ntchito posunga ziwerengero, yaonetsa kuti pulogalamu yotseguka itha kukula ndi ndalama za boma ndi za othandiza, akatswiri a m'dziko momwemo n'kumawonjezera zimene akufuna. Ndiponso zimene Chowe akufuna si za Chowe yekha. Kugwira ntchito popanda netiweki, mivi yozungulira ndi kusunga maganizo otsutsana n'zofunikanso kwa injiniya wa ku Johannesburg, choncho wozipanga bwino sadzasowa msika.

Chimene wopanga wa kuno ayenera kuchikonza asanalembe mzere woyamba ndi umwini wa mapuwo. Mapu onena kuti pa doko lakuti pali makoka oletsedwa, kapena kuti makala akuchokera mbali yakuti ya nkhalango ya Mangochi, ndi umboni umene ungagwiritsidwe ntchito polanda katundu wa anthu omwe anaupereka mokhulupirira. Malawi tsopano ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo mawu ojambulidwa a munthu ndi uthenga wotere. Pulogalamu ilole komiti kusankha nthambi zopita ku ADC ndi zotsala m'mudzi, ifunse chilolezo ndi mawu omveka m'Chiyao isanajambule, ndipo munthu akasintha maganizo, mawu ake athe kufufutidwa m'mafoni onse amene analandira mapuwo pa ulendo wotsatira pamene mafoniwo adzalumikizana.